Kodi maselo a ubongo a pa kagalasi amaganizadi?

Funso lachokera kwa aphunzitsi a Biology pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Mangochi boma. Alemba kuti: "Mtsikana wina wa Folomu 4 anandionetsa kanema pa foni, woti akatswiri anaika maselo a ubongo pa kagalasi, maselowo n'kuphunzira kusewera gemu ya pa kompyuta. Kalasi lonse linandiyang'ana, ine n'kungoti tikambirana mawa. Mawa lakelo lakwana masabata atatu. Tizipangizoti n'chiyani, amatipanga bwanji, nanga tili ndi phindu lanji kuno kwathu, kumene mwana wa mchemwali wanga anagona masiku atatu chikomokere ndi malungo a muubongo chaka chatha?"

Aphunzitsi, munachita bwino osamunamiza mwanayo. Kanemayo si wabodza, koma amene anamukonza anathira mchere wambiri. Kafukufukuyo anachitika ku Melbourne, m'dziko la Australia, pa kampani ya Cortical Labs, ndipo anasindikizidwa mu 2022. Anatenga maselo a ubongo pafupifupi 800,000, ena a mbewa ena a munthu, n'kuwayala pa kagalasi kokhala ndi timfundo tamagetsi. Gemu yake ndi yakalekale ija yotchedwa Pong, yongobweza kampira ndi kathabwa. Maselowo akabweza mpira ankalandira magetsi obwera mwadongosolo, akaphonya ankalandira magetsi achisawawa, ndipo patapita kanthawi anayamba kuphonya mocheperako. Basi. Ubongo wa mtsikana wanuyo uli ndi maselo otere pafupifupi 86 biliyoni. Akatswiri ambiri anakwiya ndi mawu amene olembawo anasankha, omveka ngati kagalasiko kakuzindikira zimene kakuchita. Ine ndili mbali ya okwiyawo. Pa kagalasi paja palibe amene akuganiza. Chosangalatsa chenicheni ndi kagalasiko, ndi luso lomanga zinthu pa msinkhu wa selo.

Tiyambe ndi msinkhuwo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Tengani milimita imodzi pa rula ya m'kalasi, muigawe ka 1,000. Gawo limodzilo ndi maikulomita. Tsitsi la munthu n'lonenepa pafupifupi maikulomita 70. Selo yofiira ya magazi ndi 7 kapena 8. Thupi la selo ya muubongo, imene mumaiphunzitsa kuti neuron, nthawi zambiri ndi 10 mpaka 20, koma mchira wake wautali uja, axon, umatha kuonda mpaka maikulomita imodzi kapena kucheperapo. Kuonda choncho, kutalika kwake n'koopsa: pali maselo amene thupi lawo lili m'fupa la msana koma mchira unakathera ku chala cha kuphazi, pafupifupi mita yathunthu. Thupi la selo yotereyi likanakula ngati mpira wamiyendo, mchira wake ukanaposa makilomita 2.

Ndiye taganizani. Mutu wa selo uli ku msana, nsonga ili kuphazi, ndipo zimene zikuchitika uku si zimene zikuchitika uko. Munga ukabaya phazi, yovulala ndi nsonga, mutu uli bwinobwino kutali. Koma mukalima maselowa m'kambale ka mu labu, mitu ndi michira zimangopiringizana ngati ukonde umene ana aseweretsa pa gombe. Mukathira mankhwala, anyowetsa zonse, ndipo simungadziwe ngati agwira mutu kapena mchira.

Kulima maselo kunja kwa thupi n'kwakale. Ross Harrison anachita zimenezi mu 1907 ndi timinofu ta mwana wa chule, n'kuona ndi maso ake mchira wa selo ukutuluka n'kumakula. Mu 1977 Robert Campenot anaganiza zomanga mpanda pakati pa kambale, mitu ikhale mbali iyi, michira idutse pansi pa mpandawo kupita mbali inayo. Mpanda wake unali wa pulasitiki wotchedwa Teflon, womatidwa ndi girizi, ndipo aliyense amene anaugwiritsapo ntchito angakuuzeni kuti unkadontha ukafuna. Zinthu zinasintha mu 2005, pamene Anne Taylor ndi Noo Li Jeon a ku yunivesite ya California ku Irvine anapanga kachipangizo ka zipinda ziwiri zolumikizidwa ndi timakwalala tambirimbiri, kalikonse kotambalala maikulomita 10, kotalika m'mwamba maikulomita 3 okha, ndipo utali wake n'kufika 450.

Inu a ku Mangochi simufunika kukufotokozerani zambiri apa. Msodzi aliyense wa pa Malombe amadziwa kuti maso a ukonde ndi amene amasankha nsomba: aakulu amakola chambo n'kulola tiana kudutsa, pomwe neti ya udzudzu imakokolola chilichonse. Timakwalala tija ndi maso a ukonde. Thupi la selo silingalowe pa mpata wa maikulomita 3, koma mchira umalowa n'kutulukira chipinda chinacho. Nthambi zifupizifupi zija, ma dendrite, zimathera panjira. Kenako pali kachenjerero kena kosavuta: mukathira madzi ochulukirapo pang'ono m'chipinda cha mitu, madziwo amakankha pang'onopang'ono kulowera ku michira, moti chimene mwathira ku michira sichibwerera m'mbuyo kwa maola ambiri. Tsopano mutha kudula mchira wokha n'kumawerenga masiku mmene ukuphukiranso, kapena kuupatsa mankhwala mutu osalawako.

Chitsanzo chimene ana anu angachimve msanga ndi chiwewe. Galu wachiwewe akaluma munthu, kachilomboko sikathamanga ndi magazi. Kamalowa pa nsonga ya mtsempha n'kukwera m'kati mwa mchira uja, pang'onopang'ono, mpaka kukafika ku msana ndi ku ubongo. N'chifukwa chake wolumidwa kumaso amadwala msanga kusiyana ndi wolumidwa kuphazi, komanso n'chifukwa chake kutsuka bala ndi sopo kwa mphindi 15 ndi kuthamangira katemera kumapulumutsa: mumakhala mukupikisana ndi kachilombo kali pa ulendo. M'kachipangizo ka zipinda ziwiri kaja, akatswiri amapaka kachilomboko utoto wowala, n'kukaika ku chipinda cha michira, n'kumakaonerera pa maikulosikopu kakukwera, katakwera ulele pa timagalimoto timene selo imanyamulira katundu wake.

Nanga kakwalala koonda kuposa tsitsi amakasema ndi chiyani? Sasema, amaumba, ndipo luso lake anabwereka kwa opanga ma chip a m'makompyuta ndi m'mafoni. Ntchito imayambira m'chipinda chosefedwa mpweya, chowala magetsi achikasu, mmene munthu amalowa atavala chovala chophimba thupi lonse kungotsala maso. Mumatenga kambale kafulati ka silikoni, kowala ngati kalilole, kotambalala masentimita 10. Pakati pake mumadonthezera phula lotchedwa SU-8, makina n'kukazungulitsa mwaliwiro mpaka phulalo litayalana mopyapyala. Kuthamanga kwa makinawo ndi kumene kumasankha ngati likhale lochindikala maikulomita 3 kapena 100. Pamwamba mumaika chojambula cha timakwalala tanu, chakuda pena choonekera pena, ngati stensulo ya olemba zikwangwani, n'kuwalitsapo kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa UV. Pamene kuwala kwafika phula limauma gwa, kwinako limasungunuka mukatsuka ndi mankhwala. Chotsala ndi timizere totukuka pa silikoni. Chimenecho ndiye chikombole.

Kuchokera apa zili ngati kuumba njerwa. Dothi lake ndi labala woonekera ngati galasi wotchedwa PDMS, amene gulu la George Whitesides ku Harvard linatchukitsa cha m'ma 1998. Amabwera m'mabotolo awiri. Mumasakaniza magawo 10 a botolo lalikulu ndi gawo limodzi la laling'ono, n'kutakasa mpaka lichite thovu ngati thobwa, n'kuliika m'makina okoka mpweya kuti thovulo lithe. Mukakhuthulira pa chikombole, mumawotcha mu uvuni pa madigiri 65 kwa maola angapo. Likauma mumalimatula ndi dzanja, n'kuboola mabowo olowetsera madzi, n'kulimata pa kagalasi komwe kaja ka maikulosikopu. Chikombole chimodzi chimabala tizipangizo tambirimbiri. Labalayu amakondedwa chifukwa kuwala kumadutsa, mpweya umadutsa moti maselo amapuma, ndipo sawapha.

Tsiku langa loyamba kupanga chikombole ndili pa maphunziro, ndinatuluka m'chipindamo ndikudzimva katswiri. Nditayang'ana pa maikulosikopu ndinapeza chimtengo chitagwa mopingasa timakwalala pafupifupi 20. Inali nsidze yanga. Masiku awiri a ntchito anapita m'bini. Fumbi limodzi la mwezi wa Okutobala, lija limatuwitsa mabuku m'kalasi mwanu, m'dziko limeneli ndi mwala wotseka msewu.

Madzinso amasintha khalidwe m'timakwalala totere. Mukaima pa mlatho wa Bakili Muluzi n'kuyang'ana Shire, mumaona madzi akuzungulira kuseri kwa zipilala, akusakanizana okha. M'kakwalala koonda ngati tsitsi zimenezi kulibe. Madzi amayenda mwaulemu ngati uchi. Mukalowetsa ofiira kumanzere ndi obiriwira kumanja, amayenda moyandikana osalowererana, kungosiya kamzere kopyapyala pakati kumene akulawana pang'onopang'ono. Akatswiri amadyerapo pa khalidwe limeneli: amatha kupatsa selo imodzi mankhwala mbali imodzi yokha, kapena kukonza kuti mankhwala achuluke kuno n'kumachepa popita uko, n'kuona ngati nsonga ya mchira ikhotera kochuluka kapena ithawa. Mdani wamkulu ndi kathovu ka mpweya. Kakangolowa, kamadutsa pa maselo amene mwawasamala masabata atatu n'kuwasesa onse.

Tsopano kagalasi ka mu kanema kaja. Maselo a ubongo amalankhulana ndi timagetsi: m'kati mwa selo mphamvu imadumpha pafupifupi mamilivoti 100 (gawo limodzi mwa magawo 10 a voti) n'kubwerera, zonsezi m'gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Kunja kwa selo kumangomveka kamphekesera chabe, kochepa ka 15,000 kuyerekeza ndi batire la tochi, nthawi zina kucheperanso. Kuti mumve, khutu lanu liyenera kugona pansi pa selo penipeni. Choncho ndi luso lomwe lija la kuwala ndi stensulo, amajambula timawaya ta golide kapena titaniyamu pa galasi, n'kutikuta tonse kungosiya nsonga. Oyamba anayesa mu 1972 ndi maselo a mtima wa mwanapiye, ndipo pofika 1980 Guenter Gross ndi Jerome Pine, aliyense payekha, anali atamva maselo a mitsempha. Kagalasi kofala m'malabu ambiri kamakhala ndi timfundo pafupifupi 60, kalikonse maikulomita 30, totalikirana maikulomita 200. Ku yunivesite ya ETH Zurich ku Switzerland anapanga kena ka timfundo 26,400 pa malo ochepa kuposa chikhadabo cha mwana. Palinso tolowetsa muubongo wa nyama yamoyo, monga Neuropixels ya mu 2017, kasingano kotalika sentimita imodzi koonda ngati tsitsi, kokhala ndi timfundo 960.

Mukalumikiza sipika ku kagalasi kotere, sabata yoyamba mumangomva thethethe wa apo ndi apo. Ikamatha sabata yachiwiri, maselo amakhala atapezana, ndipo amayamba kulira pamodzi: phokoso kwa kanthawi, zii, phokoso, zii, ngati achule a m'dambo mvula yoyamba itagwa. Palibe amene wawaphunzitsa. Kulira pamodzi mopitirira muyeso ndi kumene kumachitika muubongo wa munthu wa khunyu akagwa, choncho kagalasika n'kothandiza poyesa ngati mankhwala atsopano akutontholetsa maselo, kapena ngati mankhwala ophera tizilombo m'munda akuwasokoneza. Maselowo kale ankachokera ku ana a makoswe a masiku 18 m'mimba. Kuyambira pamene Shinya Yamanaka wa ku Japan anaonetsa mu 2006 ndi 2007 kuti selo ya pakhungu itha kubwezedwa ku ukhanda n'kusandutsidwa selo ya mtundu wina, zikutheka kutenga khungu kapena magazi a wodwala n'kulima maselo a ubongo okhala ndi chibadwa chake chenicheni.

Ndabwera ku funso lanu lolemera. Pepani ndi zimene banja lanu linadutsamo, ndipo ndikhulupirira mwanayo akupeza bwino. Zambiri zimene dziko lapansi limadziwa za malungo a muubongo mwa ana zinachokera kwathu konkuno. Muyeso umene madokotala amayezera kukomoka kwa mwana umatchedwa Blantyre Coma Score, ndipo anaukonza Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo mu 1989. Mu 2015, gulu lotsogozedwa ndi Karl Seydel linasindikiza zimene linapeza litajambula ana 168 ndi makina a MRI ku chipatala cha Queen Elizabeth: mwa ana 25 amene anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Ubongo ukatupa m'chigaza chosatambasuka, umapanikiza mbali imene imayendetsa kupuma.

Chodabwitsa n'choti kachilombo ka malungo sikalowa m'maselo a ubongo. Kamakhala m'maselo ofiira a magazi, n'kuwaumitsa, n'kuwameretsa timfundo tomata, moti amakakamira ku makoma a timitsempha ta magazi ta muubongo. Timitsempha timeneti n'tating'ono moti selo yofiira imachita kupindika kuti idutse. MRI singaone zimenezi, ndipo palibe angatsegule mutu wa mwana wodwala kuti aonerere. Apa ndi pamene labala uja amalowa. Mu 2003, ku yunivesite ya Washington ku Seattle, anaumba timakwalala ta maikulomita 8, 6, 4 ndi 2, n'kudutsitsamo magazi a malungo. Maselo abwino ankapindika n'kudutsa ngakhale mopanikizika kwambiri. Amene kachilombo kake kanali kakadali kakang'ono ankadutsanso. Koma amene kachilombo kake kanali katakhwima ankatsamira pakhomo n'kutseka njira, ngakhale pa kakwalala ka maikulomita 6. Mu 2019, ku Seattle komweko, anafika poumba timitsempha m'kati mwa collagen, puloteni imene imamanga minofu ya m'thupi, n'kuyalamo maselo enieni a makoma a mitsempha ya muubongo wa munthu, n'kumasintha liwiro la magazi kuti aone pamene maselo odwala amamata kwambiri. Mafunso amene akufunsidwa ndi tizipangizo totere ndi okhudza zimene zinagwera mwana wa mchemwali wanu: mpanda wolekanitsa magazi ndi ubongo umabooka bwanji kuti madzi alowe, ndipo chingautseke n'chiyani?

Ndisakunamizeni: si kagalasi kamene kanapulumutsa mwana uja. Ana otere amapulumuka ndi jakisoni wa artesunate, anamwino ogona maso, ndi kufika msanga kuchipatala. Kagalasi kalibe kapamba, kalibe chiwindi, sikatentha thupi, sikanagone ndi njala. Labala wa PDMS ali ndi khalidwe loipa lomwa mankhwala ena, moti mumaganiza kuti mwapatsa maselo mlingo wakuti pamene gawo lalikulu lalowa m'khoma. Mu Disembala 2022 dziko la America linasintha lamulo kuti mankhwala atsopano sakukakamizidwanso kuyesedwa pa nyama asanafike kwa anthu, ndipo ogulitsa tizipangizoti anaimba nthungululu, koma kukhulupirira kagalasi kuposa khoswe pa nkhani ya ubongo, ine ndikuti tisafulumire.

Chimene chimandiwawa n'china. Maselo a munthu amene amalimidwa m'malabu ambiri anachokera kwa azungu. Kachilombo ka malungo kotchuka kwambiri m'malabu, kotchedwa 3D7, gwero lake ndi wodwala wina wa ku Netherlands amene ankakhala pafupi ndi bwalo la ndege la Schiphol, ndipo kakhala kakuswana m'mabotolo kwa zaka makumi. Kachilombo kamene kakukomola ana ku Makanjira, ku Namwera ndi ku Monkey Bay lero kali m'magazi a ana athu, kuno. Tizipangizoti tikufunika kubwera kufupi ndi odwala, ndipo tigwiridwe ndi manja a anthu amene anaonapo mwana akuuma khosi pamsana pa mayi ake.

N'zotheka? Chipinda chosefedwa mpweya chija n'chodula zedi, koma simuchifuna tsiku lililonse. Chikombole chimakwana mu envelopu, ndipo kuumba labala kumangofuna sikelo, uvuni ndi manja osamala. Chovuta ndi kusunga maselo amoyo. Amafuna kutentha kwa madigiri 37 ndi mpweya wa carbon dioxide magawo 5 pa 100 alionse, usana ndi usiku, kwa masabata. Ndinatayapo maselo a masiku 24 chifukwa magetsi anathima Loweruka usiku ndipo jenereta inakana kulira. Lolemba ndinapeza sipika ili zii. Komabe ku Blantyre tizilombo ta malungo ndi maselo a munthu zakhala zikulimidwa m'malabu kwa zaka zambiri, ndipo mayunivesite a MUST ku Thyolo ndi MUBAS ku Blantyre akuphunzitsa uinjiniya wa zipangizo zachipatala. Mtsikana wanuyo, ngati Physics ndi masamu akuzikonda ngati mmene akukondera Biology, mumuuze za maphunziro amenewa.

Mumuuzenso kuti msuweni wa tizipangizoti anamugwirapo kale. Kapulasitiki koyezera malungo kaja, kamene amadonthezapo magazi a pachala pa chipatala chilichonse chaching'ono, m'kati mwake muli kapepala kokoka madzi kokha popanda pampu, kamene kamayendetsa kadontho ka magazi kudutsa pa timizere ta mankhwala. Togwiritsidwa kale ntchito musalole ana kutitsegula, muli magazi a munthu. M'malo mwake chitani izi m'kalasi. Tengani pepala losefera la mu labu, mudule chilembo cha Y ndi sizasi, mikono yake ikhale yofanana utali, yotambalala ngati theka la sentimita. Wiritsani chidede mpaka madzi afiire kwambiri, ndipo mupemphe chidulo kwa amayi ophika thelere. Goneketsani Y uja pa galasi kapena pa mbale yafulati, mkono wina muviike mu chidede, wina mu chidulo, pa nthawi imodzi. Madzi awiriwo akakumana pa mphanda sasakanizana. Amatsika tsinde moyandikana, kufiira mbali yake, kutuwa mbali yake, ndipo pakati pokha ndi pamene pamatuluka kamzere kakuda mobiriwira, pamene chidulo chasintha mtundu wa chidede. Ana ayeze ndi rula kuti kamzereko kakula bwanji pa sentimita yoyamba, yachiwiri ndi yachitatu. Mkono umodzi ukatalika kuposa unzake, kamzereko kamapendekera mbali imodzi, ndiye dulani ma Y angapo, chifukwa oyambirira amakonda kukanika.